KUKHOMA BOTI LA MATABWA

1. Pokomana Mitsinje Iwiri

Tauni ya Luangwa, imene kale inali kuchedwa Feira, iri pa malo pamene mtsinje wa Luangwa umathira m'mtsinje wa Zambezi. Munthu akaima pa gombe pamenepo amaona maiko atatu. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo m'dziko la Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba m'dziko la Zimbabwe, ndipo pamene waponda iye ndi m'Zambia. Anthu a kumeneko amakhulupirira madzi pa zinthu zambiri. Nsomba ndiyo ndiwo yao ndi malonda ao omwe, ndipo ena amalima madimba pa zisumbu ndi m'magombe. Cotero banja lopanda bwato liri ngati mlimi wopanda khasu.

Kuyambira kale makolo anali kusema bwato ku mtengo umodzi. Anali kugwetsa mtengo waukulu, nakumba m'kati mwace ndi nkhwangwa ndi nsompho kufikira utasanduka mphako. Bwato lotere ndi lolimba, ndipo amisiri olisema alipo kufikira lero. Koma liri ndi zobvuta ziwiri. Coyamba, mbali yaikulu ya mtengo imangotayika ngati zibanthu, ndipo mitengo yaikulu ya kufupi ndi madzi iri kunka nicepa. Caciwiri, bwato losema ndi lopapatiza ndi lobulungira kunsi, kotero kuti silicedwa kugubuduka.

Mtengo womwewo ukacekedwa umatulutsa matabwa okwanira boti lathunthu, ena natsalako. Boti la matabwa munthu angalitakase monga afunira, popeza kukula kwace sikutsata kunenepa kwa mtengo. Ndico cifukwa cace maboti otere amapezeka pamodzi ndi mabwato osema pa nyanja za Mweru, Bangweulu ndi Tanganyika, ndiponso pa Kariba, nyanja imene inayamba pamene anthu anatseka Zambezi ndi khoma limene linatha mu 1959. Koma boti liri ndi bvuto lace limene bwato losema liribe: ndi matabwa ambiri olumikiza, ndipo pali ponse pokomana matabwa awiri pangathe kulowa madzi. Luso lonse la wokhoma boti liri pa kutseka makomo amenewa.

2. Kusankha Matabwa

M'mudzi wina kufupi ndi tauni ija munali banja la msodzi. Caka cina, madzi a dzinja ataphwa, bwato lao linang'aluka kuyambira kumphuno kufikira pakati, pakuti linali litakalamba ndi kuola. Kuyambira pamenepo msodziyo anali kubwereka bwato la mnansi wace, ndipo pa nsomba zitatu ziri zonse zimene anapha, imodzi inali ya mwini bwato. Ndalama zinayamba kusowa pakhomo, kotero kuti mwana wace wamwamuna, wa zaka 13, anali kupita ku sukulu wopanda mabuku olembamo okwanira.

Mkazi wa msodziyo anali ndi mlongo wace, mmisiri wa matabwa. Iyeyo pomva za bvutolo anadza nati, "Alamu, mtengo wosema bwato simudzaupeza pafupi. Gulani matabwa, ine ndidzakukhomerani boti pakhomo pano. Malipiro sindifuna iai. Mungondipatsa mphwangayu azindithandiza, kuti nayenso aphunzireko nchito."

Anasankha matabwa a mlombwa, mtengo umene ambiri m'Zambia amauchula mukwa. Ukatemedwa umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Matabwa ace saola msanga, ciswe siciwakonda, ndipo sapindika kwambiri pouma. Mbawa nayo imapatsa matabwa abwino a boti. Mitengo yotere sidulidwa wamba, pakuti Lamulo la Nkhalango la 2015 limafuna kuti woceka matabwa akhale ndi cilolezo. Cotero iwo anakagula kwa anthu a cilolezo amene anali kuceka ndi maceka a pa dzenje, wina ataima pamwamba pa cipika ndi mnzace m'dzenjemo.

Mmisiri anayang'ana thabwa liri lonse mbali zonse ziwiri. La mfundo zogwedera analikana, cifukwa mfundo ikatuluka imasiya ciboo. La mng'alu analikananso. Anakananso matabwa okhala ndi mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa, popeza imeneyo imafumbwa msanga, ndipo mtima wofiirira wa mtengo ndiwo wolimba. Atafika nao kumudzi anawasanja pa mthunzi, pamwamba pa miyala, naika timitengo pakati pa matabwa kuti mphepo izipita, napsinja ndi miyala ina pamwamba. Matabwawo anakhala comweco kuyambira June kufikira November.

Mnyamata uja anatopa ndi kudikira, nafunsa kuti, "Amalume, bwanji sitiyamba? Si boti lidzakhala m'madzi momwemo? Nanga kuumitsa matabwa kuli ndi phindu lanji?"

Mmisiri anati, "Thabwa laliwisi likamauma limacepa m'lifupi. Tikakhoma boti ndi matabwa aawisi, tsiku limene lidzakhala pa dzuwa mipata idzatseguka yolowa cala. Koma thabwa louma likalowa m'madzi limafufuma, nilikanikiza linzace, mpata nutsekeka wokha. Kuona maso a nkhono nkudekha, mphwanga."

3. Cifukwa Cace Boti Limayandama

Msomali umodzi ukagwera m'madzi umamira. Nanga bwanji boti la misomali mazana, lonyamula anthu ndi katundu, limayandama? Yankho lace lingaoneke ndi dongo. Mbulunga ya dongo ikaikidwa m'beseni la madzi imamira. Koma dongo lomwelo likaumbidwa ngati kambale kopyapyala limayandama, ngakhale kulemera kwace sikunasinthe. Cimene casintha ndi malo amene dongolo latenga m'madzi.

Cinthu ciri conse cikalowa m'madzi cimakankhira madzi ena pambali, ndipo madziwo amacikankhira m'mwamba ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa madzi amene acoka pamalopo. Lamulo limeneli analifotokoza Archimedes, Mgriki wa ku Syracuse pa cisumbu ca Sicily, zaka zoposa 2,200 zapitazo. Boti limalowa m'madzi kufikira litakankha madzi olemera monga ilo ndi katundu wace, ndipo pamenepo limaleka kutsika.

Lita 1 ya madzi imalemera kilogalamu 1. Boti limene mmisiri anafuna kukhoma linali la mamita 4 m'litali, losongoka kutsogolo ndi lotakata pakati, ndipo pansi pace ponse panali pafupi kulingana ndi malo a mamita 3 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Boti lotere likatsika m'madzi masentimita 10 limakankha malita 300, ndiwo makilogalamu 300. Tsono boti lokhalo likalemera makilogalamu 120, nilikwera anthu atatu a makilogalamu 60 ali yense, onse pamodzi ndi makilogalamu 300, ndipo litsika masentimita 10 okha.

Cimene cimanyamula anthuwo ndi malo opanda kanthu a m'kati mwa boti. Madzi akalowa, lita iri yonse imaonjeza kilogalamu 1, boti nilitsika. Ndiponso madzi a m'kati sakhala malo amodzi. Boti likapendekera mbali ina, onse amathamangira komweko, nalipendeketsa koposa. Maboti ambiri amagubuduka motero.

4. Mphuno, Thabwa la Kumbuyo ndi Cikombole

M'madzi ambiri a m'Zambia boma limaletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo asodzi amasoka maukonde ndi kukonza mabwato ao. Mmisiri anasankha miyezi yomweyo, ndipo sukulu itatsekedwa anamanga cisakasa ca udzu kuseri kwa nyumba kuti matabwa asabvumbwe. Zipangizo zace zinali zowerengeka: maceka, puleni, nyundo, coboolera, tepi yoyezera, pensulo ndi cingwe colimba.

Boti la pansi pophwatalala limakhomedwa cafufumimba, pansi pace patayang'ana kumwamba. Poyamba mmisiri anapala mphuno, ndiwo mtengo wocindikala wa ngodya zitatu umene matabwa a mbali zonse ziwiri amakomanirapo kutsogolo. Kenaka anaceka thabwa la kumbuyo, la masentimita 3 kucindikala kwace, lotakata kumlomo ndi locepa kunsi. Cacitatu anakhoma cikombole ca matabwa acabe, ca masentimita 120 kumlomo ndi 100 kunsi. Cikombole si ciwalo ca boti iai. Nchito yace ndi kukankha mbali za boti pakati kuti zipindike bwino, ndipo pambuyo pace cimacotsedwa.

Mbali iri yonse inali ya matabwa awiri aatali, a masentimita 2 kucindikala kwace, ndipo kuya kwa boti kunali masentimita 45. Anayamba ndi matabwa awiri a kunsi, lina kumanja ndi lina kumanzere. Atawakhomera ku mphuno anaika cikombole pakati, namanga cingwe kuzungulira mathero ao a kumbuyo. Mnyamata analowetsa kamtengo pakati pa cingweco nayamba kupota, ndipo matabwawo anayamba kuyandikana pang'ono pang'ono. Thabwa likalira, mmisiri anali kunena kuti, "Ima," nalikuta ndi masaka onyowa ndi kuthirapo madzi otentha, pakuti mtengo wonyowa ndi wofunda umapindika wosathyoka. Mbali zonse ziwiri ziyenera kupindidwa nthawi imodzi. Ina ikatsogola, boti limakhota, ndipo boti lokhota limayenda cam'mbali masiku ace onse.

Matabwawo atakhomeredwa ku thabwa la kumbuyo, mmisiri anatambasula ulusi kucokera pakati pa mphuno kufikira pakati pa thabwa la kumbuyo, nayeza kucokera pa ulusiwo kunka kumanja ndi kumanzere pa malo asanu. Pa malo amodzi anapeza kusiyana kwa sentimita 1. Anagogoda cikombole kufikira miyeso italingana. Pamenepo anakhomera mitengo iwiri yaitali ndi yopyapyala m'kati, kutsata mphepete ya kunsi ya mbali zonse ziwiri, kuti misomali ya matabwa a pansi ikapeze pogwira.

5. Pansi pa Boti

Pansi anayala matabwa aafupi mopingasa, kucokera mbali ina kufikira inzace. Anali a masentimita 2 ndi theka kucindikala kwace, ndi masentimita 12 okha m'lifupi, cifukwa thabwa lotakata limafufuma kwambiri nilipindika ngati mbale. Mphepete ya thabwa liri lonse anaipala mopendekera pang'ono, kuti matabwa awiri akakomana akhudzane m'kati mwa boti, koma kunja kutsale kampata kolowa thonje. Asanakhome thabwa anayamba wapaka phula pokhalira pace, nayalapo ulusi wa thonje.

Misomali ya boti iyenera kukhala yamkuwa kapena yokutidwa ndi nthobvu yoyera yoletsa dzimbiri. Msomali wamba umacita dzimbiri m'madzi, nudyeka, nusiya ciboo. Ndiponso kufupi ndi mathero a thabwa msomali sukhomedwa popanda kuyamba waboola kaciboo kocepa pang'ono kuposa msomaliwo. Mmisiri ananena zimenezi kawiri ndi katatu.

Tsiku lina anaitanidwa ku maliro kumudzi wina. Pocoka anati, "Mphwanga, matabwa atatu awa ndawapala kale. Uwakhome monga ndakuonetsera. Boola, ndipo ukhome."

Mnyamatayo anakhoma awiri bwino lomwe. Koma pa lacitatu anamva anzace ali kuimba likhweru ku bwalo la mpira, ndipo mtima unauluka. Anati mumtima mwace, "Kuboola kucedwetsa. Msomali umodzi ungaononge ciani?" Anamenya nyundo katatu, ndipo pa kacitatu thabwa linati ng'a! Mng'alu wautali ngati cala unatuluka pa msomali kulowa m'kati. Mnyamatayo anaceuka uku ndi uku, koma panalibe munthu. Anatapa utuci, nausakaniza ndi phula, namata mng'aluwo kufikira sunaoneke, nathamangira ku mpira.

M'mawa mwace mmisiri anapitiriza nchito osaona kanthu. Atatha kuyala pansi anakhomera thabwa lalitali kunja, pakati peni peni, kucokera kumphuno kufikira kumbuyo. Limeneli ndilo msana wa boti. Limamanga matabwa onse a pansi pamodzi, ndipo pokoka boti pa mcenga ndi pa miyala ndilo limakhulika m'malo mwa iwo.

6. Nthiti, Mipando ndi Phula

Anthu anai anatembenuza boti, nilikhala cagada. Mmisiri anakhomera nthiti m'kati mwa mbali zonse ziwiri, kusiya masentimita 50 pakati pa nthiti ndi inzace, nakhomera matabwa a pamwamba ku nthitizo. Msomali ukatulukira m'kati anali kuupinda ndi kuubweza m'mtengo kuti ugwire ngati mbedza. Kumlomo anazunguliza mtengo wopyapyala wolimbitsa mphepete. Kenaka anaika mipando itatu, wa kutsogolo, wa pakati ndi wa kumbuyo. Mipando si yokhalira pokha, pakuti ndiyo imagwira mbali za boti kuti zisapanane kapena kutambasuka. Cifukwa cace cikombole sicinacotsedwe kufikira mpando wa pakati utakhomedwa. Anaitsitsa masentimita 20 kucokera kumlomo, popeza anthu akakhala m'munsi boti silipendekera msanga.

Masiku amenewo mai a mnyamata ndi mwana wao wamkazi anali kupota thonje madzulo, kufikira linakwana mitanda yambiri ya ulusi wofewa. Boti linatembenuzidwanso, ndipo mmisiri analowetsa ulusiwo m'mipata yonse ndi kacitsulo kophwatalala, akugogoda pang'ono pang'ono. Thonje likacepa madzi amapita. Likakanikizidwa mopambanitsa limakankha matabwa, ndipo pofufuma misomali imazuka. Mmisiri amadziwa muyeso wace ndi khutu, pakuti thonje likakwana kulira kwa nyundo kumasintha.

Pamwamba pa thonje anathira phula lakuda, longa lija amathira pa mseu. Analisungunula m'citini pa moto wocepa, kutali ndi madenga a udzu, ndipo ana aang'ono anawaingitsa. Phula lotentha limapsereza khungu koopsa, limayaka likatentha kwambiri, ndipo dontho la madzi likagweramo limathethekera munthu kumaso. Pansi ponse anapaka phula, ndipo m'mbali anapaka penti wobiriwira kawiri. Anthu odutsa anali kuima ndi kuyamikira. Koma mnyamata uja sanakondwe monga anzace, ndipo nsima sinali kumkomera.

7. Madzi Ayesa Nchito

Penti atauma, mmisiri anakweza boti pa zipika ziwiri nati, "Tisanalipatse mtsinje, tiyambe talipatsa ndowa." Anathira madzi m'kati kufikira ataphimba pansi ponse, osapitirira, cifukwa madzi ambiri akadakankha matabwa ndi kulemera kwao. Pamenepo anagona pansi nayang'ana kunsi. Madontho anali kutuluka apa ndi apo, ndipo pali ponse podontha analemba ndi coko.

"Izi siziopsa," anatero. "Matabwa akafufuma zidzaleka."

M'mawa mwace madontho onse anali ataleka, kupatula malo amodzi kufupi ndi ngodya ya kumanzere. Pamenepo madzi anali kugwabe, napanga kathawale pa dothi. Mmisiri anakanda phula ndi mpeni, napeza utuci. Anauyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Mnyamata anagwada pambali pace nati, "Amalume, ndine ndinacita. Sindinaboole. Thabwa litang'aluka ndinaopa, ndipo ndinamata."

Mmisiri anati, "Wacita bwino kunena. Kung'alula thabwa si mlandu waukulu, inenso ndang'alula ambiri. Mlandu uli pa kubisa. Ine unandinyenga, ndi anthu onse oyamikira penti unawanyenga, koma madzi sanyengeka. Taona kamng'alu aka. Lero kali ngati cala. Boti likamagunda mafunde kadzayenda kufikira pakati pa thabwa, ndipo tsiku limenelo m'botimu mudzakhala atate ako, kapena amai ako ndi mlongo wako, pakati pa Zambezi pamene pali ng'ona. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere."

Sanammenye iai. Anampatsa nyundo ndi kacitsulo, ndipo mnyamatayo anazula yekha misomali ya msana pamalopo, natulutsa thabwa long'alukalo, napala lina, naboola ziboo zonse, nalikhoma amalume ace ali kuyang'ana. Nchitoyo inadya masiku awiri. Atathiranso madzi, pansi panakhala pouma.

8. Nkhafi ndi Mzere Woyera

Bwato losema amalipalasa ndi nkhafi imodzi yaifupi, munthu atayang'ana kutsogolo. Boti lotakata limafuna nkhafi ziwiri zazitali. Mmisiri anasema ziwiri za mamita 2 ndi masentimita 20, za mtengo woongoka wopanda mfundo, naziyesa pa dzanja kuti zilingane kulemera. Kumlomo kwa boti, masentimita 30 kumbuyo kwa mpando wa pakati, anazika ziciri ziwiri mbali iri yonse, kuti nkhafi izigona pakati pao. Wopalasa amakhala pa mpando wa pakati atafulatira kumene apita, natsamiza mapazi, nakoka ndi msana ndi miyendo pamodzi ndi manja. Motero munthu mmodzi amayendetsa katundu wolemera osatopa msanga. Koma ayenera kuceuka kawiri kawiri, ndipo pa mtsinje wa mvuu zambiri monga Luangwa mnzace wokhala kumbuyo ndiye maso ace.

Cotsiriza, mmisiri analemba mzere woyera kuzungulira boti, masentimita 15 kucokera pansi. Pa mzerewo boti limakhala litakankha malita 450, ndipo kucotsapo kulemera kwa boti kutsala makilogalamu 330 a anthu ndi katundu. Zombo zazikulu za pa nyanja za mcere ziri nco cizindikiro cotere m'mbali mwace. Cimachedwa ndi dzina la Samuel Plimsoll, phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain, amene analimbana ndi eni zombo olongeza katundu mopambanitsa, kufikira lamulo la cizindikiroco linakhazikitsidwa mu 1876.

Msodzi anafunsa kuti, "Alamu, pamwamba pa mzerewu patsala masentimita 30. Bwanji tisaonjeze matumba ena?"

Mmisiri anati, "Amenewo si anu, alamu, ndi a mafunde. Mphepo ikaomba molimbana ndi madzi oyenda mtsinje umakwiya, ndipo munthu mmodzi akaimirira boti limapendeka. Madzi akaphimba mzere uwu, wina atsike, ngakhale ali mfumu."

Anampatsanso malangizo ena. M'boti musasowe cokapira madzi, cingwe, ndi nkhafi yapadera. Okwera abvale majekete oyandamitsa, makamaka ana ndi osadziwa kusambira. Anthu alowe mmodzi mmodzi, kuponda pakati, ndipo asaimirire kapena kusinthana malo pakati pa madzi. Mvuu yokhala ndi mwana aipatse njira patali. Boti lisasiyidwe pa dzuwa masiku ambiri, kuopa kuti matabwa angaume ndi kutsegula mipata, ndipo caka ndi caka alipake phula.

Kumapeto kwa February amuna asanu ndi mmodzi ananyamula boti kunka nalo ku dooko, pakuti mutu umodzi susenza denga. Analimanga m'madzi osaya masiku atatu kuti matabwa amwe. Pa 1 March m'mamawa msodzi anaikamo maukonde, nakhala pa mpando wa pakati. Madzi anali pansi pa mzere woyera. Mnyamata, atabvala kale zobvala za sukulu, anawerama napisa dzanja pa ngodya ya kumanzere, pa thabwa lija anakhoma kaciwiri. Panali pouma. Pamenepo anakankha boti, natenga mabuku ace. Madzulo a tsiku limenelo nsomba zonse zimene zinatuluka m'botimo zinapita kunyumba kwao.

MAFUNSO

1. Chulani maiko atatu amene amakomana pa tauni ya Luangwa.
2. Kodi boti la matabwa lipambana bwato losema pa zinthu ziti? Nanga bvuto lace ndi lotani?
3. Cifukwa ninji mmisiri anaumitsa matabwa asanayambe kukhoma?
4. Fotokozani nchito ya cikombole, ya msana, ndi ya mipando.
5. Boti la m'phunziroli limatsika masentimita 10 pa makilogalamu 300 ali onse. Kodi lidzatsika masentimita angati likanyamula anthu awiri a makilogalamu 65 ali yense ndi matumba anai a cimanga a makilogalamu 50? Musaiwale kulemera kwa boti. Kodi madzi adzafika pa mzere woyera?
6. Kodi mmisiri anatanthauzanji ponena kuti, "Madzi sanyengeka"?

ZOCITA

Umbani mbulunga ziwiri za dongo zolingana. Imodzi muiike m'madzi monga iri, inayo muiumbe ngati kaboti. Ikani timiyala m'kabotimo kamodzi kamodzi, ndipo muwerenge kuti kanyamula tingati kasanamire. Boolani kaciboo pansi pace ndi munga, muyesenso, ndipo mulembe zimene mwaona.